Makamera, mbedza ndi shaki ya Lachitatu

Lolemba tinanyamuka padoko mbandakucha, mafunde asanakwiye. Tinamiza makamera 8 pansi pa nyanja, iliyonse ndi kathumba ka nyambo kutsogolo kwake. Kamera imakhala pansipo ola lathunthu, ndipo chilichonse chobwera kudzanunkhiza chimajambulidwa. Umu ndi mmene timawerengera shaki popanda kuzigwira.

Lachiwiri lonse linathera pa kompyuta, kuonera mavidiyowo. Maola 8, shaki ziwiri basi. Anthu akamva ntchito yanga amayesa ndimasambira ndi zilombo tsiku ndi tsiku, chonsecho nthawi zambiri ndimangopenya madzi opanda kanthu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Nature mu 2021 anapeza kuti shaki ndi abale ake a m'nyanja zikuluzikulu achepa ndi 71 peresenti kuyambira mu 1970, makamaka chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Ine chiwerengerocho ndimachionera pasikirini.

Lachitatu tinagwira shaki yaikazi yaikulu ndithu. Tinaigoneka chagada m'mbali mwa boti, mutu uli m'madzi kuti izipuma. Shaki ukaitembenuza choncho imangoti zii ngati yagona. Tinaiyeza, tinaiika kachipangizo kotumiza zizindikiro, n'kuimasula. Inachita kaye mphwayi, kenako mchira phwa! Yapita.

Tsiku lovuta linali Lachinayi, pamsonkhano ndi asodzi a zingwe za mbedza zambiri. Pempho lathu linali loti kumapeto kwa chingwe azimangako nayiloni m'malo mwa waya, chifukwa shaki ikakodwa imadula nayiloniyo n'kuthawa. Bambo wina wachikulire anamvetsera mpaka nditamaliza, n'kufunsa kuti: "Zamveka, achimwene. Nanga ikapita ndi mbedza yanga, andibwezera ndani?"

Ndinasowa chonena. Ku Panama mu 2022 mayiko a mu pangano la CITES, loyang'anira malonda a pakati pa mayiko a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha, anagwirizana zoika malire pa malonda a mitundu yambiri ya shaki ndi zipsepse zake, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma bambo aja sagulitsa zipsepse kunja. Nkhawa yawo ndi mbedza, ndipo ife tikamalemba mapulani timaiwala msanga mtengo wake.

Lachisanu ndinali pagombe kuyeza shaki zokodwa mwangozi. Ina itatumbulidwa, munatuluka ana 9, okhwima kale, onse akufa. Nsomba zambiri zimaikira mazira miyandamiyanda, pamene shaki zambiri zimabereka ana amoyo, ochepa, ndipo mitundu ina imatha zaka zoposa 10 isanayambe n'komwe kubereka. Ndinawandandalika pamchenga, n'kulemba utali wa aliyense m'kabuku.

Makina olandira zizindikiro za kachipangizo kaja ali pansi pa nyanja, tidzawavuula pakatha miyezi itatu. Ndi pamene tidzaone ngati ya Lachitatu ija inadutsanso.