Mmene ndinabatizira amfumu pamwamba pa nyanja ya Chilwa

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi: maukwati, zinkhoswe, magiraduweshoni a ku Chanco, ngakhale maliro abale akapempha. Kasitudiyo kanga kali ku Chinamwali, ndipo anzanga amandidziwa ndi zinthu ziwiri, chipewa cha khaki ndi mimba yosagonja. Ndakhalapo kumpando wakumbuyo m'minibasi ya ku Limbe, matemba akununkha pansi pa mpando, ine ndikusenda dzira. Ndawolokapo Chilwa kuchokera pa Kachulu kupita ku Chisi mwera uli pakalapakala, ena akuitana Yesu ena Allah, ine ndikudya nthochi.

Ndiye bwana wina wa bungwe la ulimi wothirira atabwera kudzanena kuti akufuna zithunzi za m'mwamba za minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi, komanso zoonetsa pomwe madzi a nyanja abwerera, za nseru sindinafunse. Ndinafunsa za ndalama. Droni yawo akuti inagwera m'dambo, choncho anabwereka ndege kwa mwini esiteti ina chakummwera kwa tauni, yemwe ali ndi kabwalo kake kafumbi pakati pa minda.

Woyendetsa ndegeyo anali mayi wachitsikana, wosachulutsa gaga m'diwa. Anandiimbira foni dzulo lake.

"Achimwene, tinyamuke isanakwane 7 koloko. Mudye zopepuka. Zamafuta ayi, mowa usiku uno ayi, ndipo mugone bwino."

"Musade nkhawa, a Kaputeni," ndinatero. "Mimba iyi ndi ya pa Kachulu."

Ine ndinafika nthawi yabwino, m'mimba muli tiyi ndi buledi basi. Amene sanafike ndi bwana uja. Galimoto yake inayenera kukatenga amfumu a mudzi wina wa kunyanja, oti azikatiloza malire a minda, koma inayamba yadzera kwina. Inakwana 8 koloko, 9 koloko, 10 koloko. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, ndipo njala inandigwira. Pamsewu panali chiwaya. Ndinadziuza kuti ndingolawa. Ndinalawa tchipisi, ndinalawa mbuzi, ndinalawa ndi kachiwindi, ndikutsitsira ndi thobwa lozizira. Tchipisi china chinatsala, ndipo munthu wokulira m'banja la ana ambiri sataya chakudya. Pamene ndinkalowetsa chikwama cha kamera m'ndege ndinaona kathumba koyera kapepala kali kuseri kwa mpando, ndinathokoza mumtima kuti anthu a ndege amaganizira okwera, ndikulongedzamo tchipisi changa.

Ndegeyo inali Cessna 172. Amene simunaionepo, ndi Sienta ya mapiko: mipando inayi, injini imodzi kutsogolo, mapiko ali pamwamba pa denga, ndipo phewa lako limagundana ndi la woyendetsa. A Kaputeni anaizungulira yonse, akugwedeza apa, kusuzumira apo, kuthira timafuta m'kabotolo kuti aone ngati mulibe madzi. Kenako anayamba kuyang'ana kumwamba, kumene timitambo toyera tinali titayamba kuphuka, ndipo nkhope yawo sinandisangalatse.

"Mmawa mpweya umakhala utagona," anatero. "Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wotentha umakwera apa, wina ukutsika apo. Ndege zikuluzikulu zimakwera pamwamba pa zonsezo. Ife tiyenda m'kati mwake momwemo. Onjezani mphepo yomenya phiri la Zomba, lomwe lapitirira mamita 2,000. Tigwedezeka."

Bwana anatulukira cha m'ma 11 koloko, osapepesa. Pambuyo pake panatsika amfumu, mayi wachikulire, wamng'ono thupi, atavala chilundu chatsopano ndi duku yoyera mbee. Ndinavula chipewa, ndikunjuta, ndikuwomba m'manja. A Kaputeni anafunsa aliyense kulemera kwake, poti kandege kotere kali ndi malire a katundu, ndipo nkofunika kudziwa kuti wolemera akhala pati. Bwana anatchula nambala yomwe ndikukhulupirira anali nayo ali ku sekondale. A Kaputeni anangomuyang'ana pamimba, ndikulemba yawo. Ine anandiika kutsogolo kumanja, chifukwa zenera la pamenepo limatseguka ndipo chithunzi chojambulira pagalasi sichioneka bwino. Amfumu anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Mfundo imeneyi muisunge.

Tonse tinavala mahedifoni okhala ndi kamaikolofoni pakamwa. Kamaikolofoniko kamadzitsegukira kokha kakamva phokoso, ndipo chilichonse chotuluka pakamwa pa mmodzi chimalowa m'makutu mwa onse. Iyinso muisunge.

Kunyamuka kunali kokoma, ndisaname. Fumbi linatsala m'mbuyo, ng'ombe zinachepa, ndipo posakhalitsa Zomba yense anali pansi pathu: msika, ndende, mabwalo a Chanco, nyumba zakale za boma zomwe zinatsala likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. A Kaputeni analoza pakhoma la phiri, pa Emperor's View, pomwe Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, anaima mu 1965. Iyeyo anaonera chigwachi mapazi ali pansi, ndipo nzosadabwitsa kuti anali mfumu ya mafumu.

Titangokhotera kummawa, kulunjika kunyanja, ndege inagwa. Sinagwe kwenikweni, koma mpando unandithawa, lamba anandigwira, ndipo thobwa linatsala m'mwamba kudikira kuti ndibwerere. Kenako tinakankhidwa kuchokera pansi. Bwana anati "Mayo!" m'makutu mwa tonse. Amfumu anali phee, manja ali pamiyendo, akutafuna kenakake.

"Jambulani apo! Ngalande ija!" anakuwa bwana.

Ndinatsegula zenera, ndikuika diso pakamera. Apa ndi pomwe panagona nkhani. Kuti wojambula aone munda bwino, ndege imayenera kupendekeka ndi kuuzungulira. Thupi lonse likumva kuti tikuzungulira, kukwera ndi kutsika, koma diso langa lili m'kabowo, likuona kamunda kamodzi kakunjenjemera. Ndikajambula ndimaweramanso kuti ndione pasikirini ngati chatuluka bwino. Mutu pansi, mutu mmwamba, mutu kumbali. Sipanathe nthawi ndinayamba kuyasamula. Ndinadabwa, poti tulo ndinalibe. Kenako malovu anadzaza m'kamwa. Kenako thukuta lozizira, pamphumi ndi m'manja, tsiku lotentha chonchija. Kenako ndinageya, ndipo kamaikolofoni kanagwira ntchito yake mokhulupirika.

"Achimwene, tsitsani kamera," anatero a Kaputeni osandiyang'ana nkomwe. Anatambasula dzanja ndikutsegula kabowo ka mphepo pakona ya galasi, kuti izindiwomba kumaso. "Tsamiritsani mutu kumpando, musaugwedeze. Yang'anani Mulanje uko. Pumani pang'onopang'ono."

Mulanje analidi chiimire kuchizimezime, Sapitwa atabisala m'mitambo. Ndinamuyang'anitsitsa ndipo zinayamba kukhala bwinoko. Dzanja linandigwira paphewa kuchokera kumbuyo. Anali amfumu, akundipatsa kachidutswa ka jinja.

"Tafuna ako, mwanawe. Anyamata oyamba kumene usodzi timawauza zomwezo: usayang'ane madzi a m'bwato, yang'ana phiri."

Mwina ndikanapulumuka. Koma pansi panaoneka chomwe tinabwerera: matope osweka pomwe kale panali madzi, mabwato atagona pamtunda, zimbowera za asodzi zili patali m'mabango. Nyanja iyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta imabwerera msanga. Mu 1995 inaumiratu, mu 2018 inatsala pang'ono. Bwana anadzuka mtima.

"Chimenecho ndiye cha pachikuto cha lipoti! Tizungulirenso kawiri! Ajambuli, tinakulipirani theka kale!"

Mawu oti theka anandibwezera diso pakamera. Tinazungulira kamodzi. Pa kachiwiri mimba inapereka chidziwitso chomaliza.

"Thumba lili kuseri kwa mpando," anatero a Kaputeni mwachangu.

Apo mpamene ndinadziwa ntchito ya kathumba koyera kaja. Kanali pamiyendo panga, ndinakatsegula, ndipo fungo la tchipisi chozizira chosakaniza ndi mafuta a mbuzi linandilonjera. Malo munalibe, nthawi inalibenso. Chipewa ndinachikonda. M'chikwama munali malenzi a ngongole. Zenera linali lotsegula.

Abale anga, ndege ikuthamanga makilomita oposa 150 pa ola, chimene mwapereka kuzenera sichipita pansi. China chimamatirira m'mbali mwa ndege, china mphepo imachibweza ndikuchilowetsa pazenera lomwelo, kulunjika kumpando wakumbuyo. Ndipo zonsezi zinkaulutsidwa m'mahedifoni, phokoso lililonse, mwatsatanetsatane.

Kunangoti zii, kupatula injini. Sindinafune kucheuka, koma khosi linacheuka lokha. Bwana anali atadziphimba ndi lipoti lake. Amfumu anali chikhalire, duku yoyera ija isalinso yoyera. Anatulutsa kansalu, ndikupukuta magalasi awo modekha, ndikuwavalanso.

"Mwanawe," anatero, "tchipisi uzikagula pena. Mafuta awa ndi akale."

A Kaputeni anayesa kudzigwira, koma mapewa ankawagwedezeka. Anandiuza kuti nditseke zenera, anaweramutsa ndege kuti iyende mowongoka, kenako anachita chinthu chomwe sindinkayembekeza.

"Gwirani chiwongolero chili patsogolo panucho. Ndi zala ziwiri basi, ine ndagwira kuno. Mphuno ya ndege ikhale pomwe yakhalapo, maso kuphiri."

Ndinagwira ndikunjenjemera. Chodabwitsa, nseru inayamba kutsika. Anandifotokozera kuti m'kati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu tokhala ndi madzi, tomwe timauza ubongo kuti mutu ukuzungulira chotani. Khutu likamanena kuti tikugubuduzika pamene diso likunena kuti takhala phee, ubongo umasokonezeka, ndipo mlandu umagwera mimba. Woyendetsa savutika kawirikawiri chifukwa amayang'ana kunja ndipo amadziwiratu komwe akhotere, monga dalaivala wa minibasi sasanza pamene okwera kumbuyo akupempha jumbo. Anati ngakhale ophunzira kuyendetsa ndege ambiri amayamba ndi nseru, thupi limazolowera akamauluka pafupipafupi. Ndinafunsa ngati iwonso zinawachitikira. Anati inde, koma iwo anagwiritsa ntchito thumba.

Titatera, ogwira ntchito pa esiteti anabwera kudzaona alendo otsika m'ndege. Anaona amfumu, anaona m'mbali mwa ndege, anaona ine, ndipo sanafunse funso. Mmodzi anangobwera ndi ndowa, sopo ndi chiguduli ndikundipatsa m'manja. Ndinatsuka ndege ya eni kuyambira pachitseko mpaka kumchira dzuwa lili paliwombo, ana akuonerera. Kwa amfumu ndinagwada, ndikupempha kuti anene okha chindapusa. Anati mlandu wotere sunaweruzidwepo m'mudzi mwawo chiyambire, koma tambala mmodzi ndi duku yatsopano zingathandize kuti usafike kubwalo. Ndinakapereka Loweruka lomwelo. Pofika ine mudzi wonse unali utamva kale, ndipo ana anandilandira ndi kuyerekeza phokoso lija, molondola kwambiri moti ndikuganiza kuti amfumu anawaphunzitsa okha.

Zithunzi nazo zinandikana. Zambiri zinali za chitsulo chochirikiza phiko, tayala la ndege, ndi bondo langa. Bwana anati tibwereze, ndipo ulendo uno anavomera 6 koloko mmawa. Ndinakonzeka mwa ukatswiri: phala pang'ono, jinja m'thumba, matumba awiri opanda kanthu pamiyendo. Ndinadzeranso ku famase, komwe anandipatsa mankhwala oletsa nseru otchedwa promethazine. Mayi wa pamenepo anandichenjeza kuti mankhwalawa amagonetsa, kuti woyendetsa ndege kapena galimoto asayerekeze kumwa, ndipo kuti ndiyambe ndawayesa tsiku lina ndili kunyumba kuti ndione mmene andichitire. Masiku oyesera ndinalibe. Ndinamwa m'bandakucha wa tsiku lomwelo.

Mpweya unali utagonadi. Ndikukumbuka a Kaputeni akuliza injini, ndikukumbuka ng'ombe zikuchepa. Chotsatira chomwe ndikukumbuka ndi dzanja likundigwedeza, injini itazima, kamera ili pachifuwa chivindikiro chisanachotsedwe. Akuti mkonono wanga unkamveka m'mahedifoni kuyambira ku Likangala mpaka ku Chisi ndi pobwerera pomwe, ndipo bwana atalephera kundidzutsa anatulutsa foni yake ndikujambula yekha kudzera pagalasi.

Lipoti linatuluka mwezi wotsatira. Pachikuto pali chithunzi chopendekeka cha matope ndi mabwato, pakona pakuoneka khutu la munthu wogona, ndipo pansi pake analemba dzina langa ngati wojambula. Theka lotsala lija bwana akuti tikambirana.