Chifukwa chiyani Kaputeni Picard ankatsala m'chombo?

Mu Star Trek yoyambirira, sewero la anthu oyenda pachombo cha m'mlengalenga, lomwe linaonetsedwa pa wailesi yakanema ku America kuyambira 1966 mpaka 1969, Kaputeni James Kirk ankatsikira iye mwini kumaiko achilendo, kawirikawiri limodzi ndi Spock ndi dokotala McCoy. Zinkasangalatsa kuonera, koma kwa ine sizinali zanzeru, chifukwa akuluakulu a chombo ankaika moyo wawo pachiswe nthawi imodzi, n'kusiya chombocho, Enterprise, m'manja mwa Scott, mkulu woyang'anira mainjini.

Star Trek yatsopano, The Next Generation, itayamba mu 1987, olemba anasintha kachitidwe kameneka. Kaputeni Jean-Luc Picard ankatsala pampando wake, ndipo wachiwiri wake, William Riker, ndiye ankatsogolera gulu lotsika. Kumanzere kwa kaputeniyo kunkakhala Deanna Troi, mlangizi wotha kuzindikira zomwe ena akumva mumtima.

Chimene chimandikoka kwambiri ndi misonkhano yapatebulo ya Picard ndi akuluakulu a chombo chake, pomwe Data ndi La Forge ankafotokoza zomwe apeza, Worf, mkulu wa chitetezo, n'kulimbikira kuti zida zikhale zokonzeka, Picard akumvetsera onsewo asanagamule. Nayenso anali ndi malire, pakuti dokotala Beverly Crusher anali ndi mphamvu zomuimitsa paudindo ngati thanzi lake silikumulola kulamula.