Mayi wa mahatchi amene anakana teremu yachitatu

Kuno ku Ngabu hatchi timangoiona pa foni. Zathu ndi ng'ombe, mbuzi ndi abulu okoka ngolo za thonje. Koma pali mayi mmodzi wa masewera a mahatchi amene nkhani yake ndimaikonda, ndipo anzanga a mu komiti ya alimi a ziweto atopa nane chifukwa ndimaibwereza pa msonkhano uliwonse.

Dzina lake ndi Haya, mwana wa malemu Mfumu Hussein ya ku Jordan. Ine ndinayamba kumva za iye mu 2005, chaka cha njala ija anthu a ku Nsanje ankalowa m'madambo kukazula nyika kuti ana agone atadyako kanthu, ng'ona zili momwemo. Iye anabwera m'dziko muno ngati kazembe wa bungwe la chakudya la WFP. Za mahatchi ndinadzazidziwa pambuyo pake.

Mayi ake, Mfumukazi Alia, anafa pa ngozi ya helikopita mu 1977 iye ali kamwana. Bambo ake anadzampatsa kamwana ka hatchi komwenso kanali kamasiye kuti akalere, ndipo chikondi chake pa nyamazi chinayambira pomwepo. Mu 2000 anaimira Jordan pa masewera a Olympics ku Sydney, pa mpikisano wodumphitsa hatchi mipanda, ndipo ndiye ananyamula mbendera ya dziko lake. Mu 2006 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa FEI, bungwe loyang'anira masewera a mahatchi padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa mu 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Mpando umenewu unazolowera achifumu. Prince Philip wa ku Britain anakhalapo kuyambira 1964 mpaka 1986, kenako n'kusiyira mwana wake Anne.

Ntchito inamupeza msanga. Pa Olympics ya 2008, mahatchi angapo anapezeka ndi capsaicin, chinthu chomwe chimachititsa tsabola kuwawa. Inde, tsabola yemweyu. Akapakidwa m'miyendo khungu limanyerenyetsa, ndiye hatchi imakweza kwambiri miyendo podumpha poopa kukhudza mtengo. Timu ya Norway inalandidwa mendulo chifukwa cha zimenezi. Ife tikaona munthu akumenya bulu wokhala ndi chilonda pakhosi timamukalipira pomwepo pamsewu, ndiye sindinadabwe kuona mayiyu akulimbitsa malamulo oyeza mankhwala m'thupi la nyama. Chovuta n'chakuti nkhaniyo inalowa m'nyumba mwake momwe. Mu 2009 mwamuna wake pa nthawiyo, Sheikh Mohammed wa ku Dubai, anaimitsidwa miyezi 6 hatchi yake itapezeka ndi mankhwala oletsedwa. Haya anadzipatula pa mlanduwo, komabe ambiri sanasiye kunena kuti munthu sangalondere bwino khola lomwe mbali ina ndi la kwawo. Pamenepa ineyo ndili mbali ya odandaulawo.

Chimene ndimamugomera ndi china. Atangolowa pampando analimbikitsa lamulo loti mtsogoleri asapitirire materemu awiri a zaka zinayi. Anapambananso mu 2010. Itayandikira 2014, mayiko ambiri anamuchonderera kuti akhalebe, mpaka anachita kuvota n'kusintha lamulo lija kuti njira imutsegukire. Iye anakana kuimanso. Amene munalipo mu 2002, nthawi imene dziko lino linagwedezeka ndi nkhani ya teremu yachitatu, mukudziwa kuti mawu oti "anthu akundifunabe" ndi okoma bwanji m'khutu la wokhala pampando. Ngakhale m'makomiti athu a dipi ndi a mjigo, wapampando kumuchotsa mpaka anyakwawa alowererepo.

Wolowa m'malo mwake anali Ingmar De Vos wa ku Belgium, munthu wamba amene anakulira m'maofesi a bungwe la mahatchi la kwawo asanakhale mlembi wamkulu wa FEI mu 2011. Anasankhidwa ku Baku mu Disembala 2014, anapambananso mu 2018 ndi mu 2022. Teremu yachitatu yomwe anaikonzera Haya anadzaidya ndi iyeyu.