Tsiku limene mutu unapita wokha

Popeza kavidiyo kaja ka zimene zinandichitikira pa mpikisano wa gofu Loweruka kafika kale mpaka kwa apongozi anga ku Ntcheu, amene sadziwa n'komwe ngati gofu amasewera ndi ndodo kapena ndi mapazi, ndaona kuti ndiyankhule ndekha musanandimalize. Inu a pagulu lathu la pa WhatsApp mwaseka mokwanira. Amene waikamo nyimbo ya maliro m'kavidiyoko ndikumudziwa, ndipo akumbukire kuti ali ndi ngongole yanga ya mipira itatu.

Choyamba dziwani kuti pa nkhani ya dalaivala ine si mbuli. Ndikunena ndodo yaitali ija ya chimutu chachikulu, yomenyera mpira woyamba pa dzenje lalitali, osati munthu woyendetsa galimoto monga anamvera mayi a kunyumba tsiku limene ndinawauza kuti mlamu wanditumizira dalaivala kuchokera ku Johannesburg. Iwo anangofunsa kuti azigona chipinda chiti, nanga tizimulipira ndi chiyani.

Matenda anga kwa zaka zinayi akhala silaisi. Mpira umanyamuka bwinobwino ngati mwana womvera amene wamutuma kusitolo, koma ukafika pakati pa ulendo umakumbukira kuti uli ndi abale kumanja, n'kukhotera komweko. Kumanja kwa dzenje loyamba kuli mzere wa bulugamu, kuseri kwa bulugamu kuli mpanda, kuseri kwa mpanda kuli anyamata amene Loweruka lililonse amandigulitsa mipira yanga yomwe, yokhala ndi timadontho tanga tiwiri tofiira. Amandipatsa moni potchula dzina. Wina anandifunsapo ngati ndadwala, chifukwa sabata imeneyo sindinabwere ndipo bizinesi inagwa.

Chimene chimabweretsa silaisi ndimachidziwa kuposa katekisimu. Nkhope ya ndodo imafika pa mpira ili yotsekuka, itayang'ana kumanja kwa njira imene mutu ukudutsa, ndipo mutuwo umabwera kuchokera kunja n'kudula cholowera mkati, ngati munthu akutchetcha udzu ndi chikwakwa. Mpira umachoka ukuzungulira chammbali. Ukaumenyera cha kuchidendene cha nkhope, pafupi ndi shafiti (mtengo wautali wa ndodo umene mutu umalumikizidwako), kukhotako kumawonjezeka. Ndinatsimikiza ndekha zimenezi: ndinapaka paudala wa mwana pankhope ya ndodo n'kumenya mipira 10, ndipo 7 inasiya chidindo kuchidendene. Mwana anagona wopanda paudala, koma sayansi inapita patsogolo.

Ndiye kwa milungu itatu ndinakonza zonse, chimodzichimodzi. Dzanja lamanzere ndinalitembenuza pa chogwirira mpaka ndikayang'ana pansi ndiziona mfundo za zala ziwiri kapena zitatu, ndipo kamphanda ka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kaziloza phewa lamanja. Mpira ndinausunthira patsogolo, moyang'anizana ndi mkati mwa chidendene cha phazi lamanzere. Miyendo kutangadza kupitirira mapewa pang'ono. Kachikhomo kokhazikapo mpira ndinakakweza kuti ndodo ikakhala pansi, theka la mpira lizionekera pamwamba pa mutu. Phewa lamanja kulitsitsa pang'ono, chifukwa dalaivala imafunika kupeza mpira ikukwera, si ayironi, ndodo ya mutu wachitsulo wopyapyala, imene imatsika n'kukumba dothi. Koma mpira ukakhala patsogolo chonchi mapewa amakonda kutsegukira kumanzere osakuuza, choncho ndinkagoneka ndodo ina pansi kuti indionetse kumene ndayang'ana. Shafiti yake ndi ya mainchesi 45 ndi theka, yaitali kwa munthu wa msinkhu wanga, ndiye ndinayamba kugwirira m'munsi ndi inchi imodzi. Ndinasiyanso kumenya ngati ndikupha njoka. Popita kumbuyo ndinkawerenga chamumtima mpaka katatu, pobwera kamodzi. Nonse amene mukuseka, ndani mwa inu anachitapo theka la zimenezi?

Chinatsala chimodzi chokha, loft, kutanthauza kupendekeka kwa nkhope ya ndodo kumene kumakweza mpira m'mwamba. Dalaivala ya mlamu ndi ya mtundu wosinthika uja: mutu ndi shafiti zimagwirana ndi sikuluu imodzi yolowera pansi pa chidendene, ndipo imabwera ndi kasipanala kakekake. Inabwera ili pa madigiri 10.5. Ine mwa matama ndinaitsitsira pa 9, poti akatswiri a pa TV ambiri amakonda loft yochepa. Chimene sindinaganize n'chakuti pa ndodo zoterezi ukatsitsa loft nkhope imatsekukanso pang'ono, ndipo munthu wa mphamvu za phala la m'mawa ngati ine amafunika loft yambiri kuti mpira ukwere ndi kuchepetsa kukhota. Kunena mwachidule, ndinali ndikudyetsa silaisi yanga chakudya chonenepetsa. Lachisanu usiku ndinaganiza zoikweza pa 12.

Magetsi anali atazima. Ndinakhala patebulo, foni pakamwa ngati tochi, kumasula sikuluu, kuzula mutu, kutembenuza kamphete ka shafiti mpaka pa chizindikiro choyenera, kubwezera mutu. Lamulo la kasipanalako n'losavuta: uzungulize mpaka kalire kamodzi mokweza, ndiye kuti sikuluu yamanga mokwanira. Kakapanda kulira, usamenye mpira. Ndinazunguliza, ndinazunguliza, kenako ndinamva kuti thapu! Ndinayamika Mulungu n'kukagona. M'mawa mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini atanyamula msampha uli ndi khoswe wonenepa bwino. Ndinauyamikira msamphawo, ndinanenanso kuti zinthu za kale zinali zolimba. Nzeru zoti thapu uja anachokera kuti sizinandifike.

Loweruka kunali mpikisano wa pamwezi. Dzuwa la Okutobala, khonde la kalabu lodzaza, aliyense botolo m'manja, maso pa malo oyambira. Atatchula dzina langa ndinachita zonse mwa dongosolo. Ndinaima kumbuyo kwa mpira, kusankha mtengo umodzi kutsogolo kwenikweni, kupeza katsamba kouma mita imodzi patsogolo pa mpira mu mzere womwewo, kulozetsa nkhope ya ndodo pa katsambako, kenako mapazi. Poyeserera kamodzi pang'onopang'ono ndinamva kuti khweche. Kadi wanga, mnyamata waulemu amene wandinyamulira chikwama zaka zitatu, anatsokomola.

"Bwana, ndodoyo ikulankhula."

"Ndi makiyi m'thumbamu, mphwanga."

Makiyi anali m'chikwama chimene iye ananyamula. Anadziwa, koma analeredwa bwino.

Abale anga, kumenya kumene ndinamenya apo sindidzakuiwala, ndipo ndikupempha kuti mukaonerenso kavidiyoko ndi maso achilungamo. Phewa lamanzere linafika pansi pa chibwano. Thupi linadzaza pa mwendo wamanja. Pobwera ndinayamba ndi chiuno, osati manja, ndodo inatsikira mkati ngati mmene mabuku amanenera. Ndipo mwadzidzidzi zonse zinapepuka. Sindinamvepo kupepuka kotero chibadwire. Ndinati mumtima, ndiye zimenezi ndi zimene amamva akatswiri! Ndinamaliza lamba atayang'ana kutsogolo, kulemera konse pa phazi lamanzere, lamanja litaima ndi chala, manja kuseri kwa khutu. Ndinaima choncho ngati chipilala cha pa raundabauti.

Kutsogolo kwanga chinthu chinali kuuluka. Chinali kupita molunjika, osakhotera kwa anyamata a kumpanda, osayang'ana n'komwe bulugamu. Chinali kunyezimira padzuwa, kutembenuzika pang'onopang'ono, kuimba kaluzi. Ndinadabwa pang'ono kuti mpira wakula bwanji, komanso wada liti, koma munthu amene wadikira zaka zinayi kuti aone chinthu chake chikuyenda mowongoka safunsa mafunso ambiri. Akhwangwala awiri amene anali pa fairway, udzu wometedwa bwino wolowera kudzenje uja, anauluka mwaulemu kupereka njira. Anyamata a kumpanda, amene anali atayamba kale kuthamangira pamalo awo a nthawi zonse, anaima manja m'chiuno, nkhope zogwa, ngati anthu amene amva kuti kampani yatsekedwa. Pakhonde mkulu wina wa zaka zambiri, amene maso anayamba kumuvuta kalekale, anaimirira n'kuwomba m'manja yekhayekha. "Shoti ya mwamuna imeneyo!" Ndinagwedeza mutu modzichepetsa, ndisanatsitse manja.

Pamenepo m'pamene kadi anakuwa. Pa gofu chinthu chikamauluka kumene kuli anthu timakuwa kuti "Fore!" Iye mantha anamuiwalitsa Chingerezi.

"Mutu! Mutuuu!"

Khonde lonse linagwa pansi. Anthu olemekezeka, ena mabwana a m'maofesi akuluakulu, anagwira mitu yawo n'kulowa pansi pa matebulo. Woperekera zakumwa anadziphimba ndi thileyi. Gulu limene linali kutsogolo kwathu, mamita 200 kutali, linagona chafufumimba pa udzu. Palibe amene anadziwa kuti mnyamatayo sakuchenjeza za mitu yawo, akungofotokoza zimene akuona. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wanga, wa 460cc, waukulu kufika pamene malamulo amalekezera, unalewa mpira bwinobwino n'kupita wokha. Unagwa pakati penipeni pa fairway, kudumpha kawiri, kugubuduzika, n'kukhala chagada ngati kamba.

Ine ndinali ndikadaima muja, shafiti yopanda kanthu kuseri kwa khosi, ngati msodzi wa ku Senga Bay amene mbedza yamuthawa.

"Bwana," anatero kadi motsitsa mawu, "mpira uli apa."

Unali pamenepo ndithu. Mphepo ya shafiti inaugwetsa pa kachikhomo, unagubuduzika mwina phazi limodzi, n'kuima timadontho tofiira titandiyang'ana ngati maso.

Tsopano pa mkangano umene unatsatira, ndikufuna mbiri ilembedwe molondola. Sindinanamize munthu. Ndinangokumbutsa anzanga kuti mutu ukachoka ndodo ikupita kumbuyo, malamulo sawerenga kuti wamenya, ndipo zimenezi n'zoona. Amawerenga ngati wachoka ndodo ikubwera kale, iwe n'kupitiriza kumenya. Ndinati n'kutheka kuti wanga unayamba maganizo ochoka ndikadali kumbuyo. Mnzanga wina, amene ndinkamuyesa m'bale, anayankha kuti ukanachoka nthawi imeneyo bwenzi uli m'mbale ya tchipisi pakhonde, osati pa fairway. Kenako anatulutsa foni. Inawerengedwa kuti ndi shoti imodzi. Chokhacho chimene ndinapindula n'chakuti mpira unali ukadali mkati mwa malo oyambira, ndipo malamulo amene anayamba mu 2019 amalola kuukhazikanso pa kachikhomo popanda chilango. Ndinawauza zimenezi mokweza kuti khonde limve kuti munthu amene mutu wamuthawa malamulo amawadziwa.

Ulendo wokatenga mutu unali wautali. Kadi anawerenga mapazi 83, ndipo anandiuza nambalayo ngati nkhani yabwino. Sikuluu inali momwemo, yosathyoka, yongomasuka. Kumanga sikuluu imene yamasuka pakati pa masewera n'kololedwa, bola ubwezere pomwe zinali, koma kasipanala kanali kunyumba patebulo, pafupi ndi pamene panali khoswe. Ndinafunsa anzanga atatu amene ndikudziwa kuti amayenda ndi tisipanala m'zikwama. Onse atatu tsiku limenelo anali atatiiwala, ndipo ankanena zimenezi misozi ili m'masaya.

Choncho mutu unalowa m'thumba la mipira, shafiti inaima m'chikwama ngati mlongoti wa wailesi, ndipo madzenje onse 18 ndinasewera ndi 3-wood. Apa ndiye pamene pakundipweteka kuposa kavidiyo. Ndodo imeneyi ndi yaifupi ndi mainchesi awiri ndi theka, loft yake ndi madigiri 15, ndipo popeza ulemu unali utapita kale ndinalibenso choopa, ndinkangomenya mofatsa. Pa madzenje 14 ofunika kumenya patali, 9 mpira unagwa pa fairway. Sizinachitikepo. Sindinataye mpira ngakhale umodzi. Pa dzenje lomaliza kadi anandiyandikira.

"Bwana, mutu uja tingousiya m'thumba momwemo mpaka Khirisimasi?"

Sindinamuyankhe, ndipo ndalama yake ya sopo ndinamupatsa yonse, musamve zonama.

Kwa amene mwayamba kunditchula kuti a Chimutu, ndamva. Kwa amene mukufunsa ngati mapazi 83 aja alembedwe pa bolodi la omenya patali, ndamvanso. Ndikungofuna muvomereze chinthu chimodzi chimene kavidiyo kakuonetsa poyera: chimene chinauluka chinapita mowongoka. Kutanthauza kuti kagwiridwe kanali bwino, mapewa anali bwino, njira ya ndodo inali bwino. Silaisi ndinaithetsa, kungoti mpira sunapite nawo.

Dalaivala ndaimanganso Lamlungu masana, dzuwa likuwala, msampha nditautulutsa panja, ndipo kasipanala kalira ndikukaona ndi maso. Mlamu sindinamuuze. Mayi a kunyumba akuti akanakhala dalaivala wa galimoto uja bwenzi pano akuwaperekeza kumsika.