Buku lachiwiri la zombi limaima kapena kugwa ndi malamulo a buku loyamba

Kuno ku Mangochi munthu akamva koyamba za zombi amaganiza za ndondocha, ndipo sanaphonye kwenikweni. Zombi woyambirira, wa m'zikhulupiriro za ku Haiti, ndi munthu amene abale ake amuika m'manda, kenako wamankhwala n'kumudzutsa kuti azimugwirira ntchito, monga momwe anthu amanenera za ndondocha za pachigayo. Koma zombi wa m'mabuku a masiku ano alibe mbuye, palibe amamutuma. Ndi mliri woyenda ndi miyendo, ndipo amene walumidwa nayenso amasanduka. Chithunzi chimenechi chinakhazikika ndi filimu ya George Romero ya mu 1968.

Chimene chimakoka okonda mabukuwa si magazi ayi, ndi malamulo. Mlembi wabwino amakuuzani chimene chimayambitsa matendawo, nthawi imene imapita munthu asanasanduke, ndi chimene chimamugwetsa zombiyo osadzukanso. Max Brooks, m'buku lake la mu 2003 lotchedwa The Zombie Survival Guide, anaika kachilombo kopeka ka Solanum: wolumidwa amamwalira n'kudzuka pakatha maola 23, ndipo amagwa pokhapokha ubongo wake uwonongedwe. Nambala imeneyi si yongokometsera nkhani. Maola 23 ndi okwanira kuti munthu amange bala ndi chitenje, akwere minibasi kudepoti, adutse pa Liwonde n'kukagona ku Blantyre asanadziwike. Mukafupikitsa nthawiyo kukhala mphindi imodzi, mudzi umatha tsiku lomwelo koma mliriwo suyenda mobisika. Yerekezani ndi chiwewe, matenda enieni oyenda ndi kulumidwa, amene nthawi zambiri amatenga milungu kapena miyezi zizindikiro zisanaoneke.

Apa ndi pamene pamayambira mikangano yokoma ya owerenga, ndipo kwathu kuno imathera kunyanja. Wina amati ingotengani bwato muthawire pachilumba cha Domwe kapena Mumbo, kufupi ndi Cape Maclear. Yankho lake limadalira buku limene mwagwira m'manja. Mwa Brooks zombi sapuma mpweya, choncho samira. M'buku lake lina, World War Z, la mu 2006, amayenda pansi pa nyanja n'kutulukira pagombe, kutanthauza kuti asodzi okoka khoka m'bandakucha akhoza kumuvuula limodzi ndi nsomba. Musadalirenso ng'ona kapena kutentha kwa mwezi wa Okutobala, chifukwa mlembiyu anatseka njira zonsezo: nyama zimapewa thupi la zombi, ndipo limawola pang'onopang'ono, zaka zitatu mpaka zisanu.

Mira Grant anamanga dziko lake mosiyana. M'mabuku ake atatu, Feed (2010), Deadline (2011) ndi Blackout (2012), munthu aliyense ali kale ndi kachilomboko m'thupi, ndiye aliyense womwalira amadzuka, kaya wafa ndi malungo kapena ukalamba. Tangoganizani zimene lamulo limeneli lingachite ndi mwambo wathu wa maliro: kulibenso kugona pasiwa, kulibe kusambitsa thupi, kulibe kudikira achibale ochokera kutali. Komanso nyama iliyonse yoyamwitsa yolemera makilogalamu pafupifupi 18 kapena kuposa imasanduka. Mbuzi yaikulu pakhomo, ng'ombe, ngakhale mvuu ya mu Shire, zonsezi ndi zoopsa. Chambo ndi usipa zilibe vuto. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nthano zamtunduwu zimafika pachimake, lamulo limodzi likamasintha chakudya, maliro ndi mamangidwe a nyumba.

Tsono buku lachiwiri, lopitiriza nkhani ya loyamba, limagwa bwanji? Kawirikawiri mlembi amaopa kuti owerenga azolowera zombi wakale, ndiye amabweretsa wina wothamanga, woganiza, wotsegula zitseko, popanda kufotokoza kumene wachokera. Nthawi yomweyo zonse zimene anthu a m'buku loyamba anavutikira zimasanduka zopanda pake: mpanda anaumangiranji ngati chilombocho chimatha kukwera? Kusintha lamulo si mlandu, koma mbewu yake iyenera kukhala itadzalidwa kale m'buku loyamba.

Vuto lina ndi katundu. Nkhani ikalumpha zaka zisanu, dziko liyenera kukalamba nayo. Petulo wosungidwa m'chigubu amawonongeka pakapita miyezi, mabatire amafa, mankhwala amatha mphamvu msanga kumalo otentha, nsapato zimang'ambika. Mukaona galimoto imene yakhala pamsewu zaka zisanu ikulira ndi kiyi koyamba, dziwani kuti mlembi sanakhale pansi kuwerengera. M'dziko lotero njinga ya kabaza, mchere, mbewu ya chimanga ndi munthu wodziwa kusema bwato ndiye chuma. Ndipo pali chizolowezi china chotopetsa, chongosinthanitsa mdani: gulu limapeza pothawira, pamapezeka mtsogoleri wankhanza, malowo n'kupsa, ulendo n'kuyambiranso.

Amene anapeza njira ina ndi M. R. Carey. The Girl with All the Gifts, ya mu 2014, inatenga mliri wake ku mtundu wa bowa wotchedwa Ophiocordyceps, umene m'chilengedwe umalowadi m'thupi la nyerere n'kulamulira mayendedwe ake. Polemba buku lotsatira mu 2017, The Boy on the Bridge, sanakulitse chilombocho. Anabwerera m'mbuyo kukafotokoza za ulendo wa asayansi umene buku loyamba linangoonetsa zotsalira zake. Ngakhale nkhani ya buku la 2017 imachitika nkhani ya loyamba isanayambe, yambani ndi la 2014, chifukwa masamba omaliza a lachiwirilo amaulula mathero a loyamba.

Mukayamba mndandanda watsopano, tengani kope mulembe malamulo amene mwapeza m'machaputala oyambirira: maola a kusanduka, liwiro la zombi, zimene amamva kapena kununkhiza, ndi tsiku limene magetsi anazima. Mukafika pa buku lachiwiri tsegulaninso kopelo. Ndipo mukabwereka kwa mnzanu buku la pakati, funsani kaye ngati loyamba lilipo, chifukwa malamulo onse ali m'menemo ndipo mlembi sawabwereza mokwanira.