Bwanji ku Angónia kumazizira chonsecho tili kumtunda?

Mutu wa kutentha mu fizika ya oyitava (kalasi 8) wandigwira mtima kuposa mitu yonse ya chaka chino, mwina chifukwa choti munthu wa chigawo chino cha Tete nkhani ya kutentha amaidziwa ndi thupi lake lomwe. Ukakwera shapa pa Ulongwé m'mawa utavala juzi, pofika pa Mussacama juzi uja wayamba kukulemera, ku Moatize wavula kale, ndiye ukamawoloka mlatho wa Samora Machel thukuta lili kamukamu, koma dzuwa ndi limodzi lomwelo.

Mnzanga wina anakweza mkono m'kalasi n'kufunsa kuti aphunzitsi, ife ku Angónia tili pamwamba, ndiye kuti dzuwa tayandikana nalo kuposa a mumzinda wa Tete, nanga bwanji ife timazizidwa iwo n'kumapsa? Ena anaseka koma kwa ine limeneli ndi funso la munthu woganiza ndithu, ndipo yankho lake ndi lomwe landichititsa kulemba izi.

Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kuwala kwake komwe kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20 kuti kufike kuno. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200 kuchokera pomwe palekezera nyanja ya mchere, ife tili pamwamba pa mamita 1,200, ndiye kusiyana kwathu ndi kilomita imodzi ndi pang'ono basi. Kilomita imodzi pa 150 miliyoni zili ngati kuponya njere imodzi ya chimanga m'nkhokwe yodzaza. Chomwe chimachitika n'choti kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya osautenthetsa kwenikweni, kumakatenthetsa nthaka, kenako nthakayo ndi imene imatenthetsa mpweya kuchokera pansi. Mpweya wotenthawo umakwera, ndipo kumwamba kulibe mpweya wambiri woupanikiza ndiye umafutukuka, ukafutukuka umazizira. Aphunzitsi anatiuza kuti tikaphwetse tayala la njinga chala chili pa valavu, ndinayesa pa njinga ya achimwene, mpweya wake unali wozizira bwinobwino ngakhale njingayo inali panja masana. M'kaderino tinalemba kuti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndiye werengani nokha, pakati pa ife ndi Tete pali kale madigiri 7 kapena kuposa tisanawerengere zoti kuchigwako n'kouma. N'chifukwa chake kuno kumachita mbatatesi, ku Tsangano tirigu, pomwe kumunsiko ndi kwa malambe, masawu ndi mbuzi.

Kondusawo, konvekisawo, radiyasawo, zonsezi tinaziloweza m'Chipwitikizi kuti tikhoze mayeso, koma ine zimandiwawa kuti ambiri timathera pompo poloweza, chonsecho zitatu zonsezi zikuchitika pabwalo la sukulu tsiku lililonse, dzuwa kutenthetsa nthaka ndi radiyasawo, nthaka kuwotcha mapazi ndi kondusawo, mpweya wotentha kukwera mpaka kamvuluvulu ndi konvekisawo.

Pomwe ndinakhalitsa kwambiri ndi pa nyengo. Anthu ambiri amati chilimwe chimabwera dziko likayandikira dzuwa, ndipo kuno zimaoneka ngati zoona chifukwa dziko limayandikiradi kumayambiriro kwa Januwale, makilomita 147 miliyoni, n'kutalikira mu Julayi kufika 152 miliyoni. Koma Januwale yemweyo ku Portugal amakhala ali m'chisanu, pa dziko lomweli, ndiye mtunda sungakhale chifukwa chake. Nkhani yagona poti dziko ndi lopendekeka ndi madigiri 23.5 ndipo limazungulira dzuwa lili chipendekekere choncho. Tengani tochi ya foni usiku muwalitse pakhoma molunjika, kuwala kumaunjikana pamalo pang'ono, mukaipendeketsa kuwala komweko kumamwazikana pamalo aakulu n'kufooka. Mu Juni dzuwa limatiwomba chammbali kuchokera kumpoto, masana amafupika, ndiye kuzizira kuja, mpaka madimba ena kupsa ndi chisanu.

Izi mutha kuziona ndi ndodo chabe. Ife tinazika ndodo ya mita imodzi pabwalo, tinaiwongola ndi chingwe chomangirira mwala, chakumapeto kwa Juni masana chithunzithunzi chake chinaloza kumwera ndipo chinali chotalika masentimita pafupifupi 80. Masamu akuti mu Disembala chidzatembenuka kuloza kumpoto, kakafupi, masentimita 15 okha. Ndiye kuti pakatikati pali tsiku lomwe dzuwa limakhala paliwombo penipeni, ndodo osakhala ndi chithunzithunzi n'komwe, ndipo zimachitika kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. A ku Maputo zimenezi saziona chifukwa ali kumwera kwa mzere wa Capricórnio, pomwe dzuwa limalekezera kufika paliwombo kumwera, timaziona ndife tokha a pakati pa mzere umenewu ndi mnzake wa Câncer wa kumpoto.

Nanga bwanji Okutobala ndi Novembala ndi amene amawotcha kwambiri mpaka ku Tete kupyola madigiri 40, pamene Febuluwale dzuwa limakhalanso paliwombo? Mu Febuluwale kuli mitambo yotchinga, nthaka ndi yonyowa, mphamvu yambiri ya dzuwa imathera poumitsa madzi. Mu Okutobala kumwamba kuli mbee, nthaka ili gwa, kutentha konse kumangolowa m'dothi ndi mumpweya.

Anzanga a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize ndikukupemphani tichitire limodzi za ndodozi chaka chino. Ife pa Ulongwé tili pa madigiri 14.7 kumwera kwa ekwadoro ndiye tsiku lathu likhala cha pa 2 Novembala, inu muli cha pa madigiri 16 ndiye lanu lichedwerako, cha pa 7 Novembala. Osadikira 12 koloko ayi, masiku amenewo dzuwa limafika pamwamba cha m'ma 11:30, ndiye muyambe kuyeza 11 koloko ikangokwana, muzilemba utali wa chithunzithunzi pakatha mphindi 5 zilizonse, mujambule ndi foni tidzafananitse.