Momwe ndinadutsira m'mayeso a MSCE, kuyambira pa kalembera mpaka pa zotsatira

Pa sukulu yathu ya sekondale yoyendera ya CDSS, m'boma la Mangochi, ntchito ya mayeso a MSCE, omwe ndi omaliza a sekondale, inayamba ndi kalembera titangolowa Folomu 4. Aphunzitsi analowetsa mayina athu, masiku obadwa ndi maphunziro amene aliyense anasankha m'kompyuta ya bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba, ndipo anatijambula zithunzi zoika pa ziphaso zolowera m'chipinda cha mayeso. Kenaka aliyense anapatsidwa nambala yolipirira, ndipo amalume anga analipira ndalamazo kudzera pa foni. Uthenga wotsimikizira kuti ndalama zalowa tinausunga, chifukwa ndiwo umboni ngati dzina lapezeka kuti palibe.

Mndandanda wa mayina utatuluka, ndinauwerenga chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana, kumzikiti kapena kutchalitchi mwina, kusukulu ya pulayimale mwinanso, choncho ndinaonetsetsa kuti dzina langa likufanana ndi la pa chiphaso chaunzika. Kukonza chilembo pa nthawi imeneyi ndi nkhani yongouza aphunzitsi, pamene kukonza satifiketi yotuluka kale kumadya nthawi ndi ndalama.

Chimene chinawongolera kawerengedwe kanga chinali kumvetsa momwe magiredi amayendera. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene munthu wachita bwino, kotero kuti wokhoza kopambana amapeza mapointi 6. Koma amene akufuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, ndipo limodzi mwa iwo liyenera kukhala la Chingerezi. Pamenepa ndi pamene ambiri a ife timapunthwa, pakuti kunyumba timayankhula Chiyao kapena Chichewa, ndipo Chingerezi timakumana nacho m'kalasi mokha. Ine ndi anzanga tinagwirizana kuti pa gulu lathu lowerengera pamodzi tizilemba chimangirizo sabata iliyonse ndi kukapereka kwa aphunzitsi kuti achonge, ndipo mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo tinkawayankha titaika wotchi patsogolo.

Sukulu yathu inalibe labotale yokwanira, motero zipangizo za mayeso ochita ndi manja a Bayoloje ndi Zaulimi tinakaziphunzira pa sukulu ina yoyandikana nayo. Ndikuona kuti ulendo umenewu suyenera kudikira mwezi womaliza, chifukwa dzanja lomwe silinagwirepo chipangizo limanjenjemera ngakhale mutu ukudziwa yankho.

Za thupi ndiyenera kunena mosabisa. Ophunzira ena amaviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti achezere usiku wonse, koma amene ndinawaona akuchita zimenezi ankaodzera m'kalasi m'mawa, ndipo zimene anawerenga usiku sizinkakhala m'mutu. Ine ndinasankha kugona msanga ndi kudzuka m'bandakucha, kutentha kwa kunyanja kusanayambe. Ndinkagona m'masikito tsiku lililonse, popeza malungo kuno ndi osasowa ndipo MANEB siidikira wodwala. Ndinapemphanso makolo anga kuti m'teremu yomaliza andipumitse ntchito yoyanika usipa, ndipo anavomera ngakhale kuti manja anali ochepa pakhomo. Anyamata ena a m'kalasi mwathu sanapeze mwayi wotere, pakuti ndalama ya usodzi imabwera lero lomwe pamene ya sukulu imachedwa.

Mayeso atayandikira, mphekesera za likasa zinayamba kuyenda pa WhatsApp. Sindinazilabadire, pokumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa cha kubedwa kwa mapepala, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso kumayambiriro kwa 2021. Tinalemba m'nyengo yozizira, mphepo ya mwera ikuwomba. Usiku uliwonse ndinkaika chiphaso, zolembera ndi kakyuleta pamalo amodzi, ndipo foni ndinkaisiya kunyumba chifukwa siiloledwa m'chipinda cha mayeso.

Unduna wa Zamaphunziro utalengeza zotsatira, ndinapita kusukulu kukaona magiredi anga, ndipo makirediti 6 analipo, Chingerezi chili momwemo. Pambuyo pake ndinatenga kalata ya zotsatira kwa aphunzitsi aakulu, n'kudikira chilengezo cha bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma monga UNIMA, MUBAS, LUANAR, MUST, KUHeS ndi MZUNI. Pa fomu yofunsira malo ndinaika maphunziro ogwirizana ndi magiredi anga a Bayoloje ndi Zaulimi, nditawerenga kaye zofunikira za phunziro lililonse, ndipo fomuyo ndinaitumiza tsiku lotsekera lisanafike.